Sabata yomwe tinakwirira mpiru m'dimba

Lolemba m'mawa ndisanamwe ndi tiyi yemwe foni inalira, mlimi wotsogola wa gulu lathu la tomato kuno ku Ntcheu akuti alangizi bwerani msanga mpiru uja wayamba maluwa ndipo amayi ayamba kufunsa ngati angathyoleko. Nde ndinangothira mafuta pa njinga kuthamangira kudimba, chifukwa mpiru umenewu sitinadzale kuti tidye ayi, tinadzala kuti tiukwirire.

Dimba limeneli lakhala likudzalidwa tomato pamwamba pa tomato kwa zaka zambiri, poti msika wa pa Lizulu suli kutali ndipo ndalama ya tomato imabwera msanga. Koma pano mbewu zikumafota masana ngakhale wathirira bwinobwino, ukazula umapeza mizu yatupa timfundotimfundo ngati mikanda. Alimi amati nthaka yatopa nde amangoonjezera feteleza, pomwe vuto ndi tinyongolotsi ta m'nthaka tosaoneka ndi maso, ta mtundu wa Meloidogyne, timalowa mumuzu ndikutseka njira ya madzi ndi chakudya. Feteleza uja amangopita pachabe, ndipo zimandiwawa kuona munthu wakongola ndalama yogulira thumba lina vuto lake lisali limenelo.

Tsikulo ndinangoyendera mabedi anayi a mpiru, unakula bwino kufika m'chiuno. Ndinatafuna katsamba kamodzi kakawisi, kanandilasa m'mphuno mpaka misozi, mumtima ndinati eya wakwana. Kulasa kumeneko ndiye mankhwala ake. M'tsamba la mpiru muli zinthu ziwiri zomwe zimakhala motalikirana ngati m'zipinda zosiyana, china amachitcha glucosinolate china myrosinase, nde tsamba likaphwanyika pali chinyontho ziwirizi zimakumana ndikutulutsa mpweya wolasa wotchedwa isothiocyanate. Wa mumpiru dzina lake lonse ndi allyl isothiocyanate. Mbewu imadziteteza nawo ku tizilombo toidya, ife timangoubwereka kuti ukagwire ntchito pansi, kuchepetsa nyongolotsi zija komanso matenda ovunditsa mbande patsinde monga Pythium ndi Rhizoctonia. Njira imeneyi amaitcha biofumigation, dzina lomwe linachokera ku Australia, kwa John Kirkegaard ndi anzake a ku bungwe la kafukufuku la CSIRO m'zaka za m'ma 1990.

Lachiwiri kunali msonkhano pansi pa mtengo wa mango ndipo sunali wophweka. Mayi wina anaima ndikunena mosabisa kuti alangizi, inu mukuti tikwirire ndiwo, ana kunyumba akudya nsima ndi chiyani, komanso mpiru umenewu titamanga mipukutu ndi ndalama ya sopo. Anthu anavomera kuti zoona. Ine sindinawatsutse chifukwa akunena zoona ndithu, munthu wathirira ndi keni masabata asanu ndi awiri nde umuuze kuti afotsere pansi, si nkhani yapafupi. Ndinangoti mayi, tiyeni tizule tomato mmodzi pamunda panu tione. Tinazula, anaugwira muzu uja m'manja kuuyang'ana nthawi yaitali osayankhula. Kenako anati chabwino, koma bedi limodzi mutisiyire. Tinagwirizana choncho, awiri tikwirira mpiru, limodzi tingophimba pulasitiki yokha popanda mpiru kuti tidzafananize, lachinayi la ndiwo.

Pa msonkhano womwewo agogo ena omwe kale ankalima fodya anakumbutsa za methyl bromide, akuti tinkaboola kachitini pansi pa pulasitiki panazale ndipo chilichonse chimafa, udzu omwe. Ndinawauza kuti agogo mankhwala aja analetsedwa chifukwa amaononga mpweya wa ozone womwe umatiteteza ku dzuwa kumwamba, mayiko anagwirizana pansi pa pangano la Montreal la 1987, ndipo kuno kwathu alimi a fodya anasiya kugwiritsa ntchito cha m'ma 2004, ena anapita ku Basamid ena ku mathireyi oyandama pamadzi. Chomwe chinawadabwitsa nchoti Basamid uja, dzina lake lenileni dazomet, akakumana ndi dothi lonyowa amasanduka methyl isothiocyanate, kutanthauza kuti ndi pachibale ndi mpiru womwe amadyera nsima. Anaseka kuti ndiye takhala tikudya mankhwala a nazale eti. Ndinati ayi agogo, mumpiru ndi wochepa kwambiri ndipo kuphika kumapha mphamvu yake, musasiye kudya.

Madzulo ake ndinadzera kwa bambo wina wa mudzi woyandikana yemwe anagula dazomet yekha ndikuthira panazale masabata apitawo, amafuna kufesa mawa lake. Ndinamupempha adikire kaye tiyese ngati mankhwala atha mphamvu m'dothimo. Tinatenga mabotolo awiri okhala ndi zivindikiro, lina tinaikamo dothi la pa bedi lothiridwa, lokumba pansi ndithu osati lapamwamba, lina dothi la pambali pomwe sipanathiridwe, tinanyowetsa ndikuwazamo timbewu ta mpiru, kutseka ndikuika pamthunzi. Tinapangana Lachisanu.

Lachitatu ndiye linali tsiku lenileni. Mabedi tinali titathirira dzulo lake kuti dothi likhale lonyowa koma losachita matope. Tinayamba 6 koloko dzuwa lisanatenthe. Anyamata akuzula ndikudula mizu kuika pambali, amayi akuduladula masamba ndi mitengo yake ndi zikwanje pa thabwa, ndipo ndinalimbikira kuti tizidutswa tikhale tating'ono zedi, mitengo yolimba tinaisinja mumtondo, chifukwa tsamba lomwe silinaphwanyike silitulutsa kanthu. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, amangogwetsa mpiru wathunthu ndikufotsera nde nkumati njirayi ndi yabodza. Gulu lina linali kale ndi makasu, wina akamwaza wina akutembenuza pompo kuya ngati masentimita 15 mpaka 20, wina kumbuyo ndi keni akuthirira, kenako pulasitiki pamwamba ndikufotsera m'mbali monse ndi dothi kuti mpweya usathawe. Fungo lake linali loti aliyense akupukuta m'maso, mtsikana wina amene amasinja anachita kuthawira kumphepo. Bedi loyamba linatha bwino kwambiri, ndinasangalala.

Bedi lachiwiri sizinayende. Tili mkati moduladula kunabwera uthenga wa zovuta m'mudzi, ndipo mukudziwa kwathu kuno zikatero makasu amaikidwa pansi, palibe amene angatsale kudimba, inenso ndinapita nawo kukapepesa. Mpiru wodula uja unakhala padzuwa la September mpaka cha m'ma 3 koloko. Pobwerera ndinanunkhiza mulu uja, fungo lolasa lija linali litapita, unangotsala kununkha ngati ndiwo zofota. Mpweya umenewu suchedwa, wambiri umatuluka maola oyambirira omwewo, nde ukachedwa kukwirira wapereka ku mphepo. Tinakwirirabe poti ndi manyowa abwino, koma ndinazika kamtengo ndikulemba m'kope kuti bedi ili linachedwa ndi maola angapo, tisadzaweruze njira yonse ndi bedi limeneli.

Lachinayi ndinakhala pansi ndi mizu ya mpiru ija tinaika pambali, kuitsuka mu ndowa ndikuyang'ana umodziumodzi. Ingapo inali ndi timfundo tomwe tija. Zimenezi ndimayenera kuwauza alimi poyera ndipo ndinawauza, mpiru nawo umagwidwa ndi nyongolotsi zomwe tikulimbana nazozi, ndipo dothi likakhala lotentha zimatha kuikira mazira patangotha masabata atatu kapena anayi, ndiye ukausiya nthawi yaitali m'munda ukhoza kuziweta m'malo mozichepetsa. Nchifukwa chake mizu tinaiumika ndikutentha osati kubwezera pansi. Ndinawachenjezanso omwe amalima kabichi kuti asatsatize mpiru ndi kabichi kapena repu pamalo amodzi, ndi banja limodzi ndipo amagawana matenda, makamaka aja otupitsa mizu a clubroot omwe akalowa m'dothi amakhala zaka.

Bambo wina anafunsa kuti ndiye alangizi zikatha nyongolotsi zonse? Ndinati ayi bambo, sizitha. Mphamvu ya mpiru ndi yochepa kuyerekeza ndi mankhwala ogula, imachepetsa basi kuti mbande ziyambe bwino, ndipo popanda kasinthasintha wa mbewu, kuikako chimanga kapena kupumitsa malo, zibwereranso. Nkhope zina zinagwa, koma bola amve kwa ine pano kusiyana nkuti adzaone okha mu December nkusiya kutikhulupirira.

Lachisanu ndinabwerera ku mabotolo aja. Botolo la dothi losathiridwa mankhwala linali litamera bii timasamba tiwiritiwiri, linalo munali mbewu zochepa zomwe zinangosweka ndikuima pomwepo. Bambo uja anayang'ana ndikugwira pakamwa, mbewu ya tomato ya haibulidi yomwe amafuna kufesa anagula modula. Ndinamuuza atembenuze bedi ndi khasu kuti mpweya wotsala utuluke, osakumba kupitirira pomwe mankhwala anafika, adikire sabata ina tidzayesenso. Ndinafunsanso mmene anathirira, akuti ndi manja chabe, opanda magolovesi opanda chotseka kukamwa, ndipo nazale ili pafupi ndi chitsime chomwe amatungapo madzi othirira. Apa ndinalankhula mwamphamvu ndithu, dazomet amawotcha khungu ndi maso ndipo akalowa m'madzi amapha nsomba. Tinawerenga limodzi lebulo yonse, ndinamuonetsanso kuti pogula aziona ngati mankhwala ndi ovomerezeka ndi bungwe la boma loona za mankhwala ophera tizilombo la Pesticides Control Board, asamagule za m'mapepala osalemba kanthu.

Loweruka ndimati ndipume ndilembe lipoti, koma foni inaliranso, mbuzi zaponda pulasitiki ya bedi loyamba ndikuboola pakona. Ndinawauza amate ndi chidutswa china ndikutsindira dothi pompo, azinge ndi minga. Masiku atatu anali atadutsa kale ndiye ntchito yambiri inali itachitika, komabe pulasitiki ikhale mpaka masabata awiri akwane, tikadzachotsa tidzatembenuze dothi lipume masiku angapo, tiyese ndi mabotolo ngati muja kenako tiwokere mbande m'mabedi onse atatu tsiku limodzi. Mayi uja wa pa msonkhano wanena kuti mizu yoyamba kudzazula pofananiza adzazula ndi iyeyo, ndalemba dzina lake m'kope.