Ulendo Wanga ndi Ana a Kwaya ku Chikondwerero cha Nyimbo

Kabuku ka malamulo kanandipeza kutatsala miyezi inayi kuti chikondwerero chichitike, ndipo ndinakawerenga katatu ndisanauze mwana aliyense. Ndimaphunzitsa kwaya ya pasukulu, ana 28 a zaka zapakati pa 10 ndi 14, ndipo mwa iwowa muli atsikana awiri ndi mnyamata mmodzi amene ndimawaphunzitsanso kuimba payekhapayekha. Chikondwerero chake ndi cha m'dera, chokonzedwa ndi anthu ongodzipereka, makolo ndi aphunzitsi ena opuma pantchito. Iwo amabwereka holo, amakonza ndandanda, kenako amaitana oweruza ochokera kutali, anthu odziwa nyimbo amene sadziwa mwana aliyense wa ife, kuti amvetsere woimba aliyense ndi kumulembera ndemanga.

Kabukuko musakapeputse. Ndi mmene mumalembedwa magulu onse: oimba okha, oimba awiriawiri, makwaya, oliza piyano, gitala kapena vayolini, ndipo gulu lililonse limagawidwanso potengera zaka kapena pamene mwana wafika pa maphunziro ake. Zaka amawerengera pa tsiku limodzi limene alitchula m'kabukumo, osati pa tsiku loimba. Ndinatenga ndandanda ya masiku obadwa a ana anga ndi kuyang'ana mmodzimmodzi, ndipo ndinapeza kuti mtsikana wina amene ndinkamuyesa wa gulu laling'ono anali atadutsa malire ndi masabata awiri okha. Ndikadapanda kuona, akanaimba bwinobwino koma osawerengeredwa. Magulu ena amakupatsani nyimbo imodzi yoti aliyense aimbe, ena amakusiyirani kusankha nokha, ndipo lathu la kwaya linkafuna zonse ziwiri, yosankhiridwa ndi yodzisankhira, zonse pamodzi zisapitirire mphindi 8. Fomu ndinaidzaza ndi kuitumiza kutatsala sabata kuti tsiku lotsekera lifike, nditasunga chithunzi chake pafoni.

Kusankha nyimbo ndi kumene kunandisowetsa tulo. Mphunzitsi aliyense amakhala ndi kamtima kofuna kuonetsa kuti ana ake amatha zovuta, ndipo inenso ndinali ndi nyimbo ya mawu anayi imene ndinkaikonda kwambiri. Koma anyamata anga ambiri mawu awo anali asanasinthe, tenala ndi besi weniweni ndinalibe. Ndinaisiya. Ndinatenga ya mawu awiri, sopulano ndi aluto, yosakwera kwambiri, imene ana akanatha kuidziwa bwino m'masabata asanu ndi limodzi kuti nthawi yotsalayo tiigwiritse ntchito poikometsa. Woweruza samva nyimbo imene munkafuna kuimba, amamva imene yatuluka pakamwa pa ana. Mnyamata wanga woimba yekha uja, wa zaka 13, mawu ake anayamba kusweka tili mkati mokonzekera. Noti imene ankaifika mosavuta mwezi wapitawo inayamba kumuthawa, ndipo tsiku lina anangokhala pansi n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ine basi ndasiya." Ndinamuuza kuti palibe chimene chawonongeka, kholingo lake likukula ndipo mawu akusamukira pansi. Ndinalembera okonza chikondwerero kufunsa ngati n'kololedwa kutsitsa kiyi ya nyimbo yake, ndipo anayankha kuti pa nyimbo yodzisankhira n'zololedwa bola woweruza adziwitsidwe. Tinaitsitsa, mwana anabwerera.

Pali kantchito kena kooneka kakang'ono kamene ndimakaika patsogolo tsopano: kukonza kope la woweruza. Iye amatsatira nyimbo papepala pamene ana akuimba, choncho pa nyimbo yodzisankhira mumamupatsa kope lake. Malamulo athu ankafuna buku lenileni logula, osati lojambula pamakina, polemekeza eni nyimbo. Ndinakhala madzulo ena ndi pensulo n'kulemba manambala pa ma bar onse, tizigawo ta nyimbo tolekanitsidwa ndi timizere papepala, kuyambira 1 mpaka 46, ndipo pamene tinasankha kusabwereza ndime ndinalembapo moonekera. Chifukwa chake n'chakuti woweruza ali ndi mphindi zochepa zolembera. Akapeza manambala amalemba kuti "pa bar 17 aluto anachedwa kulowa", ndipo inu mumadziwa pokonza. Akapanda kuwapeza amangolemba kuti "samalani polowa", mawu amene simungagwire nawo ntchito.

Pokonzekera, vuto lathu lalikulu linali kutsika kwa mawu. Nyimbo yosankhiridwa ija inali yoimba popanda chida chilichonse. Ndinkapereka noti yoyambira pa kiyibodi, ana n'kuimba mpaka kumapeto, ndiye ndikaliza noti yomalizira tinkapeza kuti tatsetsereka pafupifupi theka la sitepe. Ana sankamva, chifukwa onse ankatsikira limodzi. Ndinayamba kuwajambula pafoni ndi kuwamvetsera ndekha usiku, ndikuimitsa pang'onopang'ono, mpaka ndinapeza pamene pankadontha. Pokwera ankaponda masitepe aafupi, potsika ankaponda aatali, makamaka kuchoka pa fa kupita pa mi, ndipo ti ankamuimba motsika ngati sakufuna kufika pa do. Kumapeto kwa mizere yaitali mpweya unkawathera, mawu n'kugwa nawo. Apa solfa inatithandiza kwambiri, njira ija imene Sarah Glover anayambitsa ku Norwich ndipo John Curwen anaifalitsa m'zaka za m'ma 1800, pamodzi ndi zizindikiro zake za manja. Tinachotsa mawu a nyimbo kwa sabata yathunthu n'kumaimba do, re, mi basi, ine ndikukweza chala pa ti kuti aone ndi maso kuti notiyo ikuloza m'mwamba. Tinalembanso pa makope a ana malo opumira, onse pamodzi, osati aliyense popumira pake. Pofika mwezi wachitatu tinkamaliza pa kiyi imene tinayambira, masiku ambiri.

Oimba okha atatu aja ankafunika woliza piyano. Ndinapeza mayi wina wodziwa ntchitoyi ndipo tinakumana naye katatu. Kukumana koyamba ana ankangothamanga kapena kumudikira, chifukwa anazolowera ine amene ndimawatsatira kulikonse kumene apita. Mayiwo anawaphunzitsa kupuma moonekera asanayambe mzere, kuti woliza aone phewa likukwera n'kudziwa polowera. Tinayesezanso zimene anthu ambiri amaiwala: kuyenda kuchoka pampando kufika pansanja, kuima, kutchula dzina la nyimbo momveka, kudikira, kuwerama pomaliza. Kutatsala sabata imodzi ndinapempha kalasi ina kuti ibwere idzakhale omvera, kuti ana alawe mantha akadali kwawo.

Tsikulo tinafika kutatsala ola lathunthu. Pakhomo panali tebulo la olembetsa, pamene ndinapereka makope a woweruza ndipo anatipatsa nambala yathu, yachinayi mwa makwaya asanu ndi limodzi. Anatilowetsa m'kachipinda kokonzekerera kwa mphindi 10. Sindinaimbitse nyimbo yonse. Tinang'ung'udza pang'ono, tinapuma mozama, tinayamba nyimbo iliyonse kawiri n'kusiya. Mwana amene wafuula m'chipinda chokonzekerera amafika pansanja mawu atauma. M'khonde munkamveka ana a vayolini akuchuna zingwe zawo pa noti A, ija imene oimba ambiri padziko lonse amayezerapo, ndipo ana anga anaima kukhoma ali duu, ena akupukuta manja m'mayunifolomu.

Holoyo inali yaikulu kuposa kalasi yathu kangapo, denga lili m'mwamba. Woweruza anali mayi wachikulire, atakhala pa tebulo pakati pa holo, pambali pake mlembi wopereka mapepala, patsogolo pake kabelu. Kwaya ikamaliza, m'holo munkangoti zii iye akulemba, mwina mphindi zitatu, ndipo palibe woyamba kuimba asanalize kabeluko. Kudikira kumeneku n'kovuta kuposa kuimba kwenikweni. Tinaima pansanja, ana akundiyang'ana, cholembera cha mayi aja chikuyendabe pa pepala la kwaya imene inatitsogolera. Ndinaona kamtsikana ka mzere wakutsogolo milomo ikunjenjemera, ndinangokamwetulira ndi kupuma mozama kuti kanditsanzire. Belu linalira. Ndinapereka noti, ndinakweza manja, ndipo zimene zinachitika m'mphindi zotsatirazo ndimazikumbukira ngati kumaloto, kupatula chimodzi: pa noti yomaliza ndinaona woweruza akumenya kachitsulo kake koyezera mawu pabondo n'kukaika kukhutu, kenako anagwedeza mutu pang'ono n'kuyamba kulemba.

Masana kunali oimba okha. Mtsikana wanga wamng'ono, wa zaka 11, anaimba ndime yoyamba mokoma, koma atafika pa yachiwiri mawu anamuthawa m'mutu. Anangoti kakasi. Woliza piyano anabwereza kachigawo kolowera kawiri kumupatsa mpata, koma sizinatheke, ndipo misozi inayamba kulengeza. Woweruza anaika cholembera pansi n'kunena mofatsa kuti, "Mwanangu, puma kaye. Ndime yoyamba ija ndaimva ndipo ndaikonda. Tayambira pa yachiwiri, ndikuwerengere mawu atatu oyamba." Anamuwerengera kuchokera pa kope lija. Mwana anaimba mpaka kumapeto, mawu akunjenjemera koma osasochera, ndipo anthu anaomba m'manja nthawi yaitali. Malikisi anamuchotsera, zimenezo n'zoyenera, koma papepala lake analemba mizere isanu ya momwe angaloweze mawu: kuwanena ngati ndakatulo popanda nyimbo, kuyambira pa ndime yomaliza kubwerera m'mbuyo, ndi kuloweza mwapadera mawu oyamba a ndime iliyonse chifukwa ndi pamene anthu ambiri amakakamira.

Gulu lililonse likatha, woweruza ankaimirira n'kulankhula kwa onse asanatchule zotsatira. Gawo limeneli ndimapempha makolo kuti asatuluke, chifukwa ndi phunziro laulere lochokera kwa munthu amene wamva makwaya ambirimbiri. Kwa ife a makwaya ananena za mawu a nyimbo. Anafotokoza kuti m'holo yaikulu mawu amagunda makoma ndi denga n'kubwerera, ndipo mavawelo amatalika pamene makonsonanti amamira, kotero kuti chimene wotsogolera akumva ali pafupi si chimene chikufika kumbuyo. Anaimiritsa ana onse a makwaya asanu ndi limodzi, anawauza kuti anong'one mzere umodzi wa nyimbo yosankhiridwa ija mpaka iye aumve ali kukhomo. Kenako anati auimbe milomo ikugwira ntchito chimodzimodzi. Kusiyana kwake aliyense anakumva, ngakhale makolo osadziwa noti ndi imodzi yomwe. Ife tinakhala achitatu, ndi malikisi 84, ndipo tinalandira satifiketi pamodzi ndi pepala la ndemanga.

Pepalalo ndinaliwerenga ndili m'khonde, mtima ukugunda. Linayamba ndi zabwino, ndipo sizinali zongosangalatsa munthu: anatchula kuti tinamaliza pa kiyi yathu, kuti sopulano ndi aluto ankamverana, kuti ana ankayang'ana wotsogolera. Kenako panabwera zokonza. Makonsonanti a kumapeto kwa mawu ankasowa. Pa bar 29 mpaka 33, polembedwa kuti piano, kutanthauza motsitsa, tinatsitsa mawu koma tinatayanso mphamvu ya mpweya, nyimbo n'kufooka. Ndipo panali mzere umene unandibaya: nyimbo yodzisankhira inali yothamanga kuposa mmene wolemba anafunira. Poyamba ndinakana mumtima. Ndinkadziwa kuti papepala palembedwa 72, kugunda 72 pa mphindi imodzi, ndipo tinayeseza kwa miyezi ndi metronome, kachipangizo kogunda kosonyeza liwiro la nyimbo. Bambo wina mwa makolo anandipeza pomwepo atakwiya, akuti, "Aphunzitsi, ana athu anaposa onse, tiyeni tikawafunse amayiwo." Ndinawauza kuti malamulo saloleza kupita kwa woweruza kukatsutsa zotsatira, dandaulo lililonse limadzera kwa okonza ndipo limakhala la malamulo osati la malikisi, komanso kuti ana akutiona mmene tikulandirira zimenezi. Lamuloli ndimagwirizana nalo. Woweruza akadziwa kuti pakhomo pali makolo omudikira, amayamba kulemba zokondweretsa aliyense, ndipo pepala lotero silithandiza mwana.

Usiku ndinamvetsera zimene kholo lina linajambula ndi chilolezo cha okonza, metronome ili m'manja. Tinali pafupifupi pa 84. Ana sanalakwe, anatsatira dzanja langa, ndipo dzanja langa linatsatira mtima wanga umene unkathamanga belu lija litalira. Mayi aja anamva zoona. Pa mfundo ina sindinagwirizane nawo mpaka lero, pamene anafuna kuti tichedwetse kwambiri kumapeto, chifukwa ndimaona kuti mawu a nyimboyo safuna zimenezo. Woweruza ndi munthu mmodzi amene wamva kamodzi, ndipo pa nkhani za kakomedwe mphunzitsi ali ndi ufulu woganiza mosiyana. Koma pa liwiro, pa kiyi ndi pa kumveka kwa mawu, khutu la mlendo wokhala pakati pa holo limagwira zimene langa linasiya kumva chifukwa chozolowera.

Lolemba ndinakhazika ana pansi n'kuwawerengera pepala lonse, mzere ndi mzere, osadumpha kanthu. Nditafika pa za liwiro ndinawauza kuti imeneyo ndi yanga, ndipo chaka chamawa ndidzawerenga kugunda kunayi mumtima ndisanakweze manja. Mnyamata wa mawu osweka uja, amene pepala lake linamulangiza kuti asakakamize noti zam'mwamba kwa miyezi ingapo koma asasiye kuimba, anakweza dzanja n'kufunsa ngati angayambe kuimba mzere wapansi pa aluto. Ndinamulembera kamzere kosavuta ka noti zisanu. Kenako tinatsegula makope pa bar 29, ndinatumiza ana awiri kukaima panja pa khomo kuti azitiuza ngati mawu akuwafika, ndipo tinayamba kuimba motsitsa, mpweya uli wodzaza.