Funso la Socrates limene linandichititsa kung'amba masamba awiri

Sabata yatha aphunzitsi athu a filosofi anatipatsa mutu woti tilembepo: kodi chabwino ndi choipa zingakhale zoona kwa anthu onse popanda kukhulupirira Mulungu? Ine, amene ndinakulira m'banja lopemphera, ndinayamba kulemba usiku womwewo mtima uli m'malo kuti yankho ndi ayi, ndipo ndinadzaza masamba awiri ndisanazindikire kuti ndinaphatikiza mafunso awiri osiyana. Loyamba, lakuti kodi wosakhulupirira angadziwe ndi kuchita zabwino, silinandivute, pakuti ngakhale Paulo pa Aroma 2:14-15 akunena za anthu amitundu ina amene alibe chilamulo koma amachita zofuna zake, chifukwa zinalembedwa m'mitima mwawo. Lachiwiri, lofunsa chimene chimachititsa choipa kukhala choipa, ndilo landisowetsa tulo.

Tinawerenga zokambirana za Socrates, wafilosofi wakale wa ku Greece, ndi munthu wina dzina lake Euthyphro, zimene Plato, wophunzira wa Socrates, analemba naziika mumzinda wa Athens m'chaka cha 399 Yesu asanabadwe. Euthyphro anali kukasumira bambo ake omubala. Waganyu wawo pachilumba cha Naxos, ataledzera, anapha kapolo wa pakhomopo; bambowo anamumanga manja ndi miyendo, namuponya m'dzenje, natuma mthenga kukafunsa chochita, koma waganyuyo anafa ndi njala ndi kuzizira mthengayo asanabwerere. Euthyphro ankakhulupirira kuti kusumako kukondweretsa milungu, ndipo apa ndi pamene Socrates anamufunsa ngati milungu imakonda chinthu chifukwa chakuti ndi cholungama, kapena chinthucho chimakhala cholungama chifukwa chakuti milungu yachikonda.

Ndikasankha mbali yachiwiri, ndiye kuti kusiya munthu womangidwa afere m'dzenje kukanakhala kwabwino Mulungu akanalamula choncho, ndipo mtima wanga ukukanitsitsa zimenezi. Ndikasankha yoyamba, ndavomereza kuti chilungamo sichidalira lamulo la wina aliyense. Mnzanga wina wa m'gulu lathu lowerengera limodzi, amene amatumikira kutchalitchi kwawo, anandiyankha monga amayankhira otsatira a Thomas Aquinas, wansembe wa Katolika wakale amene analinso wafilosofi, kuti ubwino ndi chikhalidwe cha Mulungu mwini, osati lamulo limene angalisinthe mawa. Yankholi ndi lolemera kuposa momwe ndinkaganizira, komabe ndinamukumbutsa za Abrahamu pa Genesis 18:25, amene pochonderera Sodomu anafunsa ngati Woweruza wa dziko lonse sadzachita cholungama, ngati kuti chilungamocho Abrahamu ankachidziwa kale asanamve chigamulo.

Wafilosofi wa ku Germany Immanuel Kant, m'chaka cha 1785, anayesa kumanga maziko a chabwino ndi choipa pa nzeru zokha, ponena kuti munthu asatengedwe konse ngati chida chabe. Mawu amenewa sanandidabwitse, chifukwa agogo anga akaona wozunza waganyu ankangoti alibe umunthu, osatchula vesi lililonse. Chimene chandikanika ndi chimene wafilosofi wina, J. L. Mackie, analoza mu 1977: ngati malamulo oterewa alipodi paokha, popanda wowalamula, ndi zinthu zamtundu wanji, nanga mphamvu yondikakamiza ine amaitenga kuti?

Pakadali pano ndalemba kuti imfa ya waganyu uja inali yoipa kaya bambowo ankapembedza kaya ayi, ndipo ndimeyo ndingaiteteze pamaso pa aphunzitsi. Ndime yoyankha Mackie ndaifufuta katatu, ndipo ntchitoyi ikufunika Lachisanu.