Chikwama cha makiyi atatu chatheka, koma adiresi inatsala pang'ono kutigawanitsa

Zatheka tsopano. Chikwama cha Bitcoin chimene gulu lathu la maliro linandipempha kuti ndikonze chayamba kugwira ntchito, ndipo ndalama zoyamba zatuluka anthu awiri atasayina, wina ali ku Johannesburg, wina kuno ku Lilongwe. Ndikulemba mtima usanazizire, chifukwa pali zinthu zimene olemba malangizo a pa intaneti amangozilumpha ngati zazing'ono, pamene ndi zomwezo zimene zimadanitsa anthu.

Gululi ndi la anthu a kwathu ogwira ntchito ku Joni pamodzi ndi abale awo kuno. Amasonkha ndalama zobweretsera thupi kumudzi wina akatisiya. Amene munakhalapo mu banki mkhonde mukulidziwa bokosi la maloko atatu lija, kiyi aliyense kwa munthu wake. Multisig, chikwama chofuna kuti anthu angapo asayine ndalama zisanatuluke, ndi chimodzimodzi, kungoti bokosi limafuna onse atatu, pomwe ife tinasankha 2 mwa 3: wapampando, msungichuma ndi mlembi, ndipo awiri aliwonse akasayina ndalama zimatuluka. Mmodzi akaberedwa foni, kapena womwalirayo akakhala iyeyo, ndalama sizipita naye kumanda. Ndinawauza poyambirira kuti Reserve Bank of Malawi inanena kale mu 2019 kuti crypto si ndalama yovomerezeka ndi lamulo kuno, komanso kuti mtengo wake umakwera ndi kutsika usiku umodzi. Anagwirizana zoikamo gawo lochepa chabe la thumba lawo.

Ndinasankha Bitcoin osati Ethereum. Ku Ethereum multisig ndi smart contract, code yolembedwa ndi munthu, ndipo mu November 2017 ETH (ndalama ya Ethereum) yoposa 500,000 inatsekeredwa m'zikwama za kampani ya Parity munthu wina atafafaniza code imene zikwamazo zinkadalira. Ku Bitcoin lamulo la osayina angapo lili m'chilankhulo chake cha script, ndipo lakhala likugwira ntchito bwino kuyambira 2012 pamene P2SH, mtundu wa adiresi woimira script, inayamba. Ine ndinagwiritsa ntchito mtundu watsopano wake, P2WSH, imene inabwera ndi kusintha kwa Bitcoin kotchedwa SegWit mu 2017, ya maadiresi aatali oyamba ndi bc1q.

Za kuika Bitcoin Core, pulogalamu yaikulu ya Bitcoin, pa kompyuta sindinena, mukuzidziwa. Koma chonde musayambe ndi kukopera blockchain yeniyeni, kaundula wa ma transaction onse a Bitcoin. Yaposa 600 GB, ndipo pruning siyipulumutsa bandulo yanu: imakopera zonse kenako n'kufafaniza zakale, ndiye chimene mwapulumutsa ndi malo a pa disiki basi. Yambani ndi regtest, network yoyeserera ya inu nokha, pa laputopu yanu. Pangani ma block 101 ndi generatetoaddress, chifukwa ndalama zokumbidwa kumene zimadikira ma block 100 zisanagwiritsidwe ntchito. Zikayenda apo, pitani ku signet, network yoyeserera ya pa intaneti, kuti muyese ndi anthu ali kutali.

Tsopano tsiku limene linandipsetsa mtima.

Aliyense mwa atatuwo anapanga mawu ake achinsinsi, amene makiyi ake amachokerako, pa chipangizo chake, osandionetsa ine, n'kunditumizira xpub yokha (kiyi wosabisa wopangira maadiresi, wosatha kusayina) ndi fingerprint yake (kanambala kozindikiritsa kiyi), pa njira yotulutsira makiyi ya m/48'/0'/0'/2' monga mmene chikalata cha malangizo a Bitcoin cha BIP 48 chimanenera. Pulogalamu yanga inatenga ma xpub atatuwo n'kutulutsa adiresi yolandirira. Msungichuma ataika ma xpub omwewo pa wallet ya pa foni yawo, panatuluka adiresi ina. Makiyi omwewo, njira yomweyo, 2 mwa 3 yemweyo, koma maadiresi awiri osafanana n'komwe. Wapampando amagwira ntchito ya ulonda usiku, masana ndi pamene amagona. Ndinawadzutsa kuti tiwerengerane xpub chilembo ndi chilembo pa WhatsApp, zilembo zoposa zana. Zonse zinali bwino. Magetsi anazima, laputopu inatha moto, bandulo inatha, ndinagula ina. Madzulo msungichuma, mayi wachikulire amene anandiona ndikukula, anandiimbira. "Mwana wanga, anthu pagulu ayamba kufunsa. Adiresi imene ikuoneka kwa inuyo ndi ya ndani?" Ndinangoti, "Amayi, musatumize kanthu mpaka zifanane." Chimene chinandiwawa ndi chimenecho. Gulu linalowa m'zimenezi chifukwa chotopa ndi kukayikirana, ndiye pulogalamu yothetsa kukayikirana n'kukhala yoyambitsa kukayikira kwina.

Vuto linali mu library, code yolembedwa kale ndi ena, imene ndinkagwiritsa ntchito. Chitsanzo chake cha multisig chimandandalika makiyi monga mmene mwawaperekera, ndipo malangizo ake sanena kalikonse za izi. Ma wallet ambiri amayamba asanja makiyi motsatira BIP 67, kuyambira wamng'ono kukafika wamkulu. Adiresi ndi hash, chidindo chowerengeredwa kuchokera ku script yonse, choncho makiyi akangosinthana malo script yasintha, hash yasintha, adiresi yasintha. Mu descriptor, mzere wofotokoza mmene chikwama chapangidwira, multi imasunga dongosolo lanu, sortedmulti imasanja yokha. Lembani wsh(sortedmulti(2, kenako ma xpub atatu aja, aliyense ndi fingerprint ndi njira yake kutsogolo. Nditasintha, maadiresi anafanana pa zipangizo zonse. Mpaka pano sindikumvetsa kuti munthu amalemba bwanji chitsanzo chokhudza ndalama za anthu osaikapo ngakhale mzere umodzi wochenjeza. Mzere umodzi wokha ukanapulumutsa tulo ta wapampando ndi mbiri yanga.

Ndisanaiwale, izi ndikanazinena kumayambiriro: poyesa pa signet njira imakhala m/48'/1'/0'/2', ndipo makiyi amayamba ndi tpub. Ndiponso ma wallet ena amaonetsa Zpub m'malo mwa xpub. Ndi kiyi yemweyo wavala malaya ena, koma Bitcoin Core siimulandira mpaka mutamusintha, ndiye pulogalamu yanu izichita yokha.

Ndipo sungani descriptor. Ichi ndiye chachikulu pa zonse zimene ndalemba pano. Anthu amaganiza kuti 2 mwa 3 ndiye kuti mawu achinsinsi a anthu awiri ndi okwanira. Si okwanira. Kuti mutulutse ndalama mumayenera kuonetsa script yonse, ndipo mu script muli ma public key onse atatu. Mlembi akataya mawu ake, xpub yake n'kusowanso, awiri otsalawo ali ndi mphamvu yosayina koma alibe chosayinira, ndalama zakhala pomwepo mpaka kalekale. Tinasindikiza descriptor pa pepala, aliyense mwa atatuwo ali ndi lake, lili pamodzi ndi mawu ake achinsinsi. Descriptor payokha siingatulutse ndalama, koma woipeza amaona zonse zolowa ndi zotuluka, choncho si yoponya pagulu la WhatsApp.

Kusayinitsa anthu otalikana kunali kosavuta kuposa mmene ndinkaopera, chifukwa cha PSBT ya BIP 174, fayilo ya transaction imene anthu amasayina mmodzimmodzi. Pulogalamu imapanga transaction yosasayinidwa ndi walletcreatefundedpsbt, woyamba amasayina, wachiwiri amasayina, combinepsbt imaphatikiza, finalizepsbt imamaliza. Mu PSBT mulibe kiyi wachinsinsi, ndiye timatumizirana ngati document. Musanaiponye pa network, iyeseni ndi testmempoolaccept. Ngati mukufuna kumanga witness, gawo la transaction losunga masiginecha, ndi manja anu, dziwani kuti OP_CHECKMULTISIG ili ndi chilema chakalekale chofuna kanthu kamodzi kopanda kanthu patsogolo pa masiginecha, komanso masiginechawo ayenera kutsatira dongosolo la makiyi. Ine ndinasiyira finalizepsbt, ndipo inunso chitani chomwecho.

Chimodzi chimene ndinaumirira, ngakhale ena ankati ndikuchulutsa zochita: wosayina asakhulupirire zimene pulogalamu yanga ikuonetsa. Aziona pa chipangizo chake chosayinira kuti ndalama ndi zingati, zikupita kuti, ndipo chenje ikubwerera ku adiresi ya gulu. Polipira, Bitcoin imatenga ndalama iliyonse imene munalandira yathunthu n'kubweza chenje, ndipo wakuba wanzeru amabera pa chenjepo. Mu February 2025 kampani yogulitsa crypto ya Bybit inaberedwa pafupifupi madola 1.5 biliyoni kuchokera mu chikwama cha multisig, osati chifukwa makiyi anabedwa, koma chifukwa osayina anavomereza zimene skirini yosokonezedwa inkawaonetsa. Nanga ngati zinachitikira kampani yaikulu chonchija, laputopu yanga ndi ndani? N'chifukwa chake chipangizo chilichonse chosayinira chiyenera kukhala ndi descriptor, kuti chizidziwira chokha adiresi ya gulu. Mwaona, yabweranso descriptor ija.

Za fee nazo zinandikhumudwitsa, ngakhale sizinafike pa za adiresi. Fee imatengera kukula kwa transaction, koyezedwa mu vB, ndipo input imodzi ya 2 mwa 3 imalemera pafupifupi 105 vB, pomwe ya kiyi mmodzi ndi 68. Gulu la maliro limalandira tindalama ting'onoting'ono tambirimbiri, ndipo kalikonse kamakhala input yake. Ma input 30 apitirira kale 3,000 vB, ndipo maliro sadikira tsiku limene fee yatsika. Choncho phatikizani tindalamato kukhala imodzi pa nthawi imene network ili phee. Ikaninso fee yokwanira poyamba pomwe, chifukwa kuikweza pambuyo pake, kumene kumatchedwa RBF, ndi transaction yatsopano, ndiye kuti anthu awiri aja asayinenso, mwina wina ali pa ntchito foni ili m'loka. Pa maadiresi olandirira, musangotulutsa ambiri osagwiritsidwa ntchito: ma wallet ambiri amasiya kufufuza akapeza 20 otsatizana opanda kanthu, ndipo ndalama zolowa kupitirira apo sizioneka, anthu n'kuyambanso kufunsa mafunso.

Tisanaikemo ndalama zenizeni tinayesa kutaya. Mlembi anafafaniza wallet pa foni yake, wapampando ndi msungichuma anabwezeretsa chikwama pa pulogalamu ina yosakhala yanga, ndi mawu awo ndi pepala la descriptor, n'kutulutsa ndalama zoyesera. Zikanakanika apo sindikanalola kuti gulu lipitirire, chifukwa chikwama chodalira ine kukhala ndi moyo si multisig.

Chatsala ndi nkhani ya masankho. Komiti imasintha, koma kiyi wa munthu simungamuchotse mu script imene ilipo kale. Msungichuma watsopano akalowa, pamafunika chikwama chatsopano, akale awiri asayine kusamutsa ndalama zonse, fee ilipiridwe, ndipo descriptor yatsopano isindikizidwe n'kufika kwa onse atatu ndalama zisanasamuke. Ndapempha kuti izi zilembedwe m'malamulo a gulu pa msonkhano ukubwerawu, kuti otuluka asachoke asanasayine.