Mafuta a tsabola pa kilomita 280

Zolinga za chaka za munthu wopalasa njinga mitunda italiitali zimalembedwa mu Januwale, mwini wake atakhuta komanso atakhala pampando wofewa. N'chifukwa chake zimaoneka zophweka. Zanga zinali ziwiri. Choyamba, makilomita 10,000 pachaka, omwe ukawagawa m'masabata 52 amakwana pafupifupi 192 pa sabata. Chachiwiri, maulendo anayi amene bungwe la ku France la Audax Club Parisien limavomereza: wa makilomita 200 m'maola 13 ndi theka, wa 300 m'maola 20, wa 400 m'maola 27 ndi wa 600 m'maola 40. Ukamaliza onsewa m'chaka chimodzi umatchedwa Super Randonneur. Maulendo omwewa ndi amene amayenereza munthu kupalasa nawo Paris-Brest-Paris, kuchoka ku Paris kukafika kumzinda wa Brest n'kubwerera, makilomita 1,200 m'maola 90, yomwe imachitika kamodzi pa zaka zinayi. Yotsatira ndi ya 2027, ndipo ine m'maganizo ndinali nditafika kale ku Brest.

Masamu ake amanyengerera. Malire onsewa amatanthauza liwiro la makilomita pafupifupi 15 pa ola, lomwe ngakhale mwana wasukulu amalikwanitsa. Koma wotchi ya maulendowa siima. Ukamadya ikuyenda, ukamamata chubu ikuyenda, ukagona ndiye imachita kuthamanga. Pa ulendo wa 400, munthu amene njinga yake ikamayenda imachita 20 pa ola amakhala pachishalo maola 20. Panjira pamakhala malo odinditsira khadi losonyeza kuti wadutsadi pamenepo, motalikirana makilomita 50 mpaka 80, ndipo ukamataya mphindi 30 kapena 40 paliponse, maola anayi apita osadziwa. Otsala ndi atatu basi, ndiwo osungira tsoka.

Wa 200 ndi wa 300 anadutsa bwino, kupatula kuti pa wa 300 khungu la pokhalira linayamba kunyuka. Zimenezi n'zodziwika. Thukuta likauma limasiya mchere, mcherewo umakhuza khungu nthawi iliyonse mwendo ukazungulira, ndipo mwendo umazungulira ka 80 kapena 90 pa mphindi. Mankhwala ake ndi atatu: kabudula wa njinga wokhala ndi siponji amavalidwa popanda wamkati, chishalo chatsopano sichiyesedwa tsiku la ulendo, ndipo pokhalira pamadzozedwa mafuta oteteza kunyuka, kenako n'kuwonjezera pakapita maola asanu kapena asanu ndi limodzi.

Palinso mafuta ena amene opalasa amadzola m'miyendo kukazizira, otchedwa embrocation. Amphamvu kwambiri amakhala ndi capsaicin, chinthu chomwe chimawawitsa tsabola, ndipo ntchito yake ndi kutenthetsa khungu. Lamulo lake aliyense amalidziwa: uyambe wadzola oteteza kunyuka, uvale kabudula, otenthetsawo akhale omaliza, kenako usambe m'manja ndi sopo. Ine lamulolo ndinkalidziwa bwino moti ndinkaphunzitsa ena. Koma pofuna kupepuza katundu wa ulendo wa 400, mafuta onse awiri ndinawatapira m'timabotolo tiwiri tofanana, toyera, topanda dzina. Pa ntchito imeneyi ndinapulumutsa magalamu ngati 150, ndipo ndinadzitama.

Tinanyamuka 6 koloko m'mawa, kutanthauza kuti chipata chitsekedwa 9 koloko mawa lake. Cha m'ma 11 usiku tinadinditsa makhadi pa kilomita 280. Ndinali ndi maola khumi a makilomita 120. Ndinalowa m'chimbudzi chomwe babu lake linali litapsa, tochi ya pachipewa ndinali nditaisiya panjinga, ndipo ndinapisa dzanja m'thumba la jezi n'kutulutsa kabotolo. Sindinaumire ayi. Ndinatapa ndi zala zitatu.

Choipa cha mafutawa n'chakuti sawotcha pomwepo. Amadikira thupi litenthe. Makilomita atatu oyamba ndinkamva kufunda kokoma, mpaka ndinauza bambo wina wachikulire amene ndinkapalasa naye kuti usiku uno ukundikomera. Iwo anangoti, "Sungani mphamvu, achimwene, kutsogoloku kuli zitunda."

Titangoyamba chitunda choyamba, thukuta linatuluka, moto unabuka. Zinali ngati ndakhalira mbaula. Ndinadzuka pachishalo n'kuima pamapedulo, ndipo poti munthu ukaima sungapalase pang'onopang'ono, ndinauyatsa liwiro la mtondo wadooka. Ndinadutsa gulu la anyamata amene anatisiya masana. Mmodzi anakuwa kuti, "Akulu, si mpikisano uwu!" Ndinalephera kuyankha chifukwa mano anali atalumana.

Nditafika pamwamba ndinachita chimene munthu aliyense wopanikizika angachite: ndinatsanulira botolo lonse la madzi m'kabudula. Capsaicin sasungunuka m'madzi, amasungunuka m'mafuta. Madziwo anangomunyamula n'kukamufikitsa kumene zala sizinafike, siponji n'kumwa zotsalazo kuti izindibwezera pang'onopang'ono. Botolo lachiwiri linali la madzi osakaniza shuga ndi mchere. Limenelonso ndinathira. Za mcherewo tisakambe.

Pa kilomita 290 panali malo omwetsera mafuta galimoto otsegula usiku wonse. Ndinalowa m'sitolo miyendo ili tang'a, n'kupempha mafuta ophikira ndi sopo wotsukira mbale. Mtsikana wogulitsa anayang'ana chipewa changa, anayang'ana madzi amene ankadontha pansi, n'kufunsa mwaulemu kuti, "Bambo, ndikuitanireni ambulansi?" Ndinati ayi, angondilozera kuchimbudzi.

Kachotsedwe kake nkotere, mwina tsiku lina mudzathandize mnzanu. Mumapaka mafuta ophikira, n'kupukuta ndi pepala, osakhuza. Mumabwereza mpaka ukali utachepa, ndiyeno mumasamba ndi sopo wa mbale ndi madzi ozizira. Madzi otentha amautsanso motowo. Khungu limamva msanga, koma siponji ndi nkhani ina. Ndinaichapa, kuifinya, kuinunkhiza, kuichapanso. Kabudula wapadera ndinalibe, chifukwa nayenso anagwa pa mayeso a magalamu aja. Choncho ndinamanga jekete la mvula m'chiuno n'kuima pa makina oumitsira manja, amene ankazima okha pakangopita timasekondi. Woyendetsa lole wina analowa, anandiona nditagwira kabudula m'mwamba ndi manja awiri, nsapato za njinga zili gogogo pa matailosi, ndipo anabwerera chambuyo osalankhula kanthu.

Itakwana hafu pasiti wanu ndinakhala pabenchi, chammbali, kuti kabudula atsirize kuuma kwa mphindi khumi. Odziwa amatchera alamu asanakhale pansi, chifukwa pakati pa 2 ndi 5 koloko usiku thupi limafuna tulo mosakambirana. Ndinadzidzimuka 4 koloko. Makilomita 110, maola asanu. Tsopano pankafunika 22 pa ola, osaima paliponse.

Mwina ndikanakwanitsa ndikanakhala kuti ndinkadya. Pa ulendo wotere munthu amayenera kulowetsa magalamu pafupifupi 60 a chakudya chopatsa mphamvu ola lililonse, monga nthochi ziwiri zikuluzikulu, ndi madzi ngati theka la lita. Ine chidyereni pa 280, ndipo kupalasa choimirira kumatha mphamvu msanga kuposa kupalasa utakhala. Kukucha, miyendo inangoti zii. Ndinatsitsa magiya mpaka tcheni chinafika pa giya yomaliza, koma chala chinkakankhabe kufuna ina. Ndinkakhala thako limodzi mpaka litadandaula, n'kusinthira linalo. Kompyuta ya pahandulo inkaonetsa 14, nthawi zina 13, ndipo pamalo ena otsetsereka ndinadutsidwa ndi munthu wothamanga wapansi amene anandipatsa moni.

Ndinafika 10 koloko itadutsa. Amene ankalandira makhadi anali akupinda tebulo. Anayang'ana wotchi, anayang'ana mmene ndinkayendera, n'kunena kuti khadilo ndisunge ngati chikumbutso, wa 400 wina alipo mwezi wamawa. Kenako anandikokera mpando. Ndinathokoza, ndinati ndiima.

Bambo achikulire aja anali atamaliza kalekale, atasamba, akumangirira njinga pagalimoto. Anandiitana ndi dzanja.

"Achimwene, usiku uja pachitunda paja munadya chiyani? Ine ndapalasa zaka zambiri, koma sindinaonepo munthu akukwera chonchija pa kilomita 280."

Ndinawafotokozera zonse, kuyambira timabotolo mpaka makina oumitsira manja. Anaseka mpaka anagwira chitseko cha galimoto. Atapuma anapukuta misozi, n'kutsitsa mawu.

"Nanga atsalako? Wa 600 uja ali ndi zitunda zambiri kumapeto."