Tsiku limene ndinapititsa mafano kwa apongozi

Ine mawu oti chiboliboli ndinkawaona achibwana. Ukamawatchula, pakamwa pamachita ngati ukutafuna mbatata yamoto. Ndiye nditagula tiwiri pamsewu wokwera ku Chawe, kamayi kosenza mtsuko ndi kankhalamba kosuta kaliwo, njira yonse yopita ku Chinamwali ndinali pakabaza kusakasaka dzina lolemekezeka loti nditchule pamaso pa apongozi. Wogulitsayo anali atalumbira kuti ndi phingo weniweni, wakuda mpaka mumtima. Ndinalipira osanenerera, ngati mzungu.

Ndinafika pa Lachinayi masana, amayi a Mvano atadzaza pakhonde, mipango yoyera mbee. Ndinanjuta chapatali monga mkamwini wolangidwa, n'kutulutsa katundu wanga ndi manja awiri.

"Amayi, ndakutengerani timafano toti muziika pabalaza."

Kunangoti zii. Ngakhale nkhuku zinasiya kupalasa. Mayi wina wamagalasi anatsegula Baibulo osafufuza tsamba, Eksodo 20 yomweyo, n'kundiwerengera za fano losema kwinaku akundiyang'ana pamwamba pa magalasiwo. Fano, abale, ndi chinthu chogwadira. Ine kumeneko ndinali nditangouza apongozi pamaso pa anzawo a kumpingo kuti ndawabweretsera milungu.

Ndinafuna kukonza. "Ayi amayi, si zopembedza, ndi zidole chabe."

"Oho! Ndiye mwandiona mwana ine, bambo a Chisomo? Mundigulirenso kagalimoto kamawaya?"

Thukuta linayamba kutsika. Mawu oti chosema anandithawa, chifanizo nacho chinabisala. Ndinadzipukuta kumaso ndi manja onse awiri, mphumi, mphuno, mpaka m'khosi. Apa ndipamene amayi aja anaphulika, wina mpaka kugwira chipilala cha khonde. Phingo uja sanali phingo. Unali mtengo woyera wopakidwa polishi wa nsapato, ndipo polishi yenseyo anali atasamukira pankhope panga ndi pakolala ya malaya anga a ku tchalitchi.

Kamdzukulu kawo kena ka sitandade 2 kanandiyang'ana, kanayang'ana kankhalamba kanali m'manja mwangako, kenako kanakuwa: "Agogo, ziboliboli zilipo zitatu!"

Kamayi ka mtsuko kali pamwamba pa wailesi mpaka lero. Kankhalamba kaja amatsekerezera chitseko cha kukhitchini. Ine ndikaimba foni kumeneko, ndimamva akuitana mkazi wanga kuti, "Bwera, a Chiboliboli akukufuna."