Phula m'boila ya nkhuni limabwera ndi moto wofooka

M'nyumba zina zakumidzi ku Scotland ndi ku Wales, komwe mapaipi a gasi sanafike, madzi otenthetsa zipinda amadalira boila ya nkhuni. Chimene chimawononga maboila amenewa msanga ndi phula lakuda lija amati creosote, ndipo gwero lake ndi kasonkhedwe ka moto.

Nkhuni zikamayaka zimatulutsa utsi wodzaza mafuta ndi nthunzi. Moto ukakhala waukali, mafutawo amapsera pomwepo. Ukafooka amakwera osapsa, ndipo akakhudza khoma la chumuni lomwe kutentha kwake sikufika madigiri 120 amamatirira. Poyamba umangokhala mwaye wonga wa kudenga la khitchini, burashi imachotsa. Mukaulekerera umasanduka makoko olimba. Pamapeto pake phulalo limauma n'kukhala losalala, lonyezimira, burashi n'kumangotererapo, ndipo apa pamafunika katswiri wokhala ndi mankhwala ndi zida zake. Phula lotere likagwira moto, kutentha m'chumuni kumatha kupitirira madigiri 1,000, paipi yam'kati n'kung'ambika, moto n'kufika ku matabwa a denga.

Nkhuni zongodulidwa kumene pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi, pomwe boila imafuna za chinyezi chosapitirira 20 peresenti. Ku England, kuyambira mu Meyi 2021, nkhuni zogulitsidwa pang'onopang'ono, zosafika makyubiki mita awiri, zimayenera kukhala zouma chotere ndi kukhala ndi chizindikiro cha Ready to Burn. Ngati mumaumitsa nokha, musakhulupirire maso. Wazani chikuni pakati, mubaye timisomali ta mita yoyezera chinyezi pamalo owazidwa kumenewo, chifukwa kunja kumauma msanga mkati muli madzi. Mtengo wa oak umafuna zaka ziwiri uli pamalo opita mphepo, wofoleredwa pamwamba pokha.

Komabe nkhuni zouma pazokha sizipulumutsa munthu amene amadzaza boila usiku n'kutseka mpweya kuti moto ugone mpaka m'mawa. Ine ndimaona kuti chizolowezi chimenechi ndiye choipa kuposa zonse, chifukwa chimaoneka ngati kusamala nkhuni pamene usiku wonse boila ikungofuka n'kumadzipaka phula. Boila ya nkhuni inapangidwa kuti iyake mwamphamvu mpaka nkhuni zithe, kutentha kotsala kusungidwe mu thanki yaikulu ya madzi. Amisiri ambiri amawerengera malita pafupifupi 50 pa kilowati iliyonse ya mphamvu ya boila, ndiye kuti boila ya makilowati 25 ikufuna thanki ya malita 1,250 kapena kuposerapo. Thanki ikachepa, madzi amatentha msanga, fani yopemerera moto imazima nkhuni zisanathe, utsi n'kuyamba kumata.

Madzi obwerera mu boila nawonso asatsike pansi pa madigiri 60. Akalowa ozizira, makoma a boila amachita thukuta, ndipo chinyezicho chikasakanikirana ndi utsi chimadya chitsulo. N'chifukwa chake pamaikidwa valavu yosakaniza madzi, monga Laddomat ya ku Sweden, imene imazunguliza madzi m'boila momwemo kufikira atatentha. Mukaona madzi akuda akudontha pachitseko cha boila, yambani mwayang'ana valavuyi. Kenako yesani chingwe chotsekera mpweya pachitseko boila itazizira: panani pepala ndi chitseko, likasololoka mosavuta chingwecho chatha.

Pa maboila a zipinda ziwiri, omwe lawi lake limayakira pansi, kaphula kochepa m'chipinda choikamo nkhuni si vuto. Chofunika kuyera ndi chipinda chapansi ndi timapaipi todutsa utsi. Phulusa la m'menemo lizikhala lotuwa ndi lopepuka. Likamatuluka lakuda, lonata, moto sukupeza mpweya wokwanira.

M'nyengo yozizira phulusa lizichotsedwa sabata iliyonse, timapaipi tizitsukidwa ndi burashi ya waya. Lembani kutentha kwa utsi tsiku lomwe mwatsuka. Kukayamba kukwera nkhuni zili zomwezo, timapaipi takutidwa ndipo kutentha kukungothawira kunja. Phulusa liziikidwa m'ndowa yachitsulo ya chivindikiro, panja, pa simenti, kutali ndi nkhuni. Makala obisala m'phulusa amakhala amoyo masiku angapo akutulutsa mpweya wakupha wa carbon monoxide, womwe sununkha, choncho ndowayo isagone m'nyumba, ndipo alamu ya mpweyawu isasowe pafupi ndi boila.

Chumuni chisesedwe kawiri pachaka, kuzizira kusanayambe ndiponso pakati pa nyengoyo, kapena msanga phula likafika mamilimita atatu. Mukazimitsa boila m'chilimwe, kokolani phulusa lonse mpaka m'makona, chifukwa lotsalira limayamwa chinyezi n'kuchititsa dzimbiri pansi pa boila.