Nkhuku yokazinga ya kum'mwera kwa America ndi buledi wa chimanga pa mbaula

Anthu akamva za chakudya cha ku America, maganizo amathamangira ku hamburger ndi pizza. Koma zakudya zimene zimaphikika bwino kuno ku Zomba ndi za kum'mwera kwa dzikolo, m'madera ngati Georgia, Alabama ndi Kentucky. Kumeneko amadya chimanga ndi masamba ofanana ndi repu, ndipo kaphikidwe kambiri kanadzera m'manja mwa anthu akuda amene makolo awo anatengedwa ukapolo kuchokera ku Africa. Ngakhale Harland Sanders, amene anayambitsa KFC, anayambira kugulitsa nkhuku zake m'tauni ya Corbin ku Kentucky m'zaka za m'ma 1930.

Chimene chimasiyanitsa nkhuku imeneyi ndi ya pa chiwaya cha tchipisi ndi mkaka wowawasa. A kum'mwerawo amagwiritsa ntchito buttermilk, ife tili ndi chambiko, ndipo chimagwira ntchito yomweyo: chimafewetsa nyama komanso chimapangitsa ufa kumatirira.

Gulani nkhuku yachizungu ya pafupifupi kilo imodzi ndi theka. Yachikuda isiyeni ya msuzi, chifukwa nyama yake ndi yolimba ndipo siingapse m'mphindi zochepa zimene nkhuku imakhala m'mafuta. Iduleni zidutswa 8 kapena 10, khungu musachotse. Chidali chidulidwe pakati, apo ayi chimapserera kunja mkati muli mwauwisi. Sakanizani makapu awiri a chambiko, masupuni ang'onoang'ono awiri a mchere, adyo wosinja ndi tsabola pang'ono, muviikemo nkhukuyo maola anayi kapena usiku wonse mufiriji. Opanda firiji asadutse ola limodzi, makamaka mwezi wa Okutobala kukamatentha, chifukwa nkhuku yaiwisi imaonongeka msanga.

Ufa wokutira ndi wa tirigu, makapu awiri, wothira supuni yaing'ono ya mchere, supuni yaikulu ya paprika ndi tsabola wakuda. Thiranimo masupuni atatu a chambiko chija n'kufikisa ndi zala mpaka ufa upange timibulu. Timibuluto ndi timene timalira mkamwa mukaluma. Vuulani chidutswa chimodzichimodzi, chikanikizeni mu ufa mbali zonse, kenako muzisiye pa thireyi mphindi 15. Ambiri amadumpha pamenepa, n'chifukwa chake ufa umasendeka n'kutsalira m'mafuta.

Tsopano moto, pamene pagona nkhani yonse. Mafuta afike pafupifupi madigiri 170 ndipo akhale okwanira kumiza theka la chidutswa. Ngati mulibe choyezera, ponyanimo kaufa pang'ono: kakangoti tswii n'kuyandama nthawi yomweyo, mafuta afika. Kakamira n'kukhala chete, dikirani. Kakada pompopompo, phulani poto kaye. Pa mbaula, yambani makala atagwira bwino ndipo achita phulusa pamwamba, osati akali kulilima. Poto akhale wokhuthala pansi, chifukwa sefuliya yopyapyala imatentha ndi kuzizira mofulumira. Ikani zidutswa zitatu kapena zinayi zokha nthawi imodzi. Mukadzaza poto mafuta amazizira, ufa umamwa mafutawo, nkhuku n'kutuluka yonona moipa ndi yofewa kunja.

Mapiko amapsa m'mphindi 8 mpaka 10. Ntchafu ndi miyendo zimafuna mphindi 14 mpaka 18, mukutembenuza kamodzi kapena kawiri. Bayani pafupi ndi fupa: madzi otuluka akhale oyera, opanda magazi. Amene ali ndi choyezera aone kuti mkati mwafika madigiri 74. Mukavuula, musaunjike m'mbale yovundikira. Nthunzi imafewetsa ufa wonse munavutikira uja. Ziikeni pa waya kuti mafuta adonthe.

Buledi wa chimanga, amene iwo amati cornbread, ndi m'bale wake wa chigumu, kungoti alibe nthochi ndipo shuga ndi wochepa. Kumpoto kwa America amamutsekemeretsa, kum'mwera ambiri amati shuga amaononga, ndipo pambali pa nkhuku ya mchere a kum'mwerawo akunena zoona. Tengani kapu imodzi ya mgaiwa, kapu imodzi ya ufa wa tirigu, supuni yaikulu ya baking powder, theka la supuni yaing'ono ya soda, mchere pang'ono, mazira awiri, kapu imodzi ndi kota ya chambiko, ndi masupuni anayi a batala wosungunula. Ufa woyera wa nsima musauyese, ulibe fungo la chimanga ndipo buledi amatuluka wosakoma. Sodayo amafufumitsa akakumana ndi kuwawasa kwa chambiko, ndiye mukathira mkaka wamba sodayo musaike, apo ayi buledi amamveka sopo. Takasani pang'ono chabe, timibulu tikatsala palibe vuto. Kutakasa kwambiri kumaumitsa buledi.

Tenthetsani poto ndi supuni ya mafuta musanathire ufa wosakanizawo, kuti ukamagwa uzilira. Kutero n'kumene kumapanga nkhoko yofiirira pansi. Mu uvuni ikani pa madigiri 200 kwa mphindi 20 mpaka 25. Pa mbaula chitani monga mwa chigumu: makala ochepa pansi, ambiri pa chivundikiro. Kamtengo kobaya pakati kakatuluka kouma, wapsa.

Masamba a pambali iwo amawaphika nthawi yaitali ndi nyama ya nkhumba yowamba, anyezi ndi viniga pang'ono. Repu wa mumsika wa Zomba ndi wofewa kuposa masamba awowo, choncho mphindi 20 zimakwana. Msuzi wotsala m'poto musataye, ndi woviikamo buledi uja. Mafuta okazingira aja, akazizira, asefeni pa kansalu koyera kuti ufa wopserera uchoke. Akayamba kuda kapena kuchita thovu, atayeni.